Gologolo ndi Zipata za Nduna Njiri

Padangotero, abale anga, ndipo amene ali maso ayankhe kuti tili tonse.

Kunali dziko la Mfumu Njati, kumene nyama zonse zinkalima nandolo. Chaka ndi chaka, nandolo akauma, kunkabwera a Dokowe ochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu atanyamula mchere, makasu ndi nsalu, n'kumasinthana ndi alimi padoko. Ankabwera ambiri moti ankalimbirana madengu, wina kukokera uku, wina uku. Mlimi akatula dengu lake ankabwerera ndi mchere wa chaka chonse, khasu latsopano lili paphewa.

Panjira yopita kudoko, Nduna ya Zamalonda, a Njiri, anamangapo zipata ziwiri. Pachipata choyamba anaikapo Fisi kuti azitolera msonkho. Pachiwiri anaikapo Nyani kuti aziyesa ngati nandoloyo ndi wabwino. Aliyense wa awiriwa ankatapako m'dengu, koma poti malonda ankayenda, alimi ankangoti walira mvula walira matope, n'kumapitirira.

Ndiye kunadza chaka choipa. Nandolo anabereka bwino ndithu, koma padoko panatera Dokowe mmodzi yekha, wowonda, nthenga zili nyankhalala, kathumba ka mchere kali m'khosi.

Woyamba kukamuona anali Mayi Gologolo, mayi wamasiye wa ana ang'onoang'ono, wochepa thupi koma wa pakamwa posagona.

"Anzanu ali kuti, a Dokowe?"

"Musafunse, mayi. Kwathu misika yagwa. Akuluakulu ena ankagulitsana mbewu zimene sizinadzalidwe n'komwe. Tsiku lofuna kuziona, nkhokwe zinapezeka zili pululu. Msika wina unagwetsa unzake, unzakewo n'kugwetsa wina, mpaka dziko lonse lapansi lazizira. Wogula ndatsala ndekha, koma ogulitsa muli ponseponse. Kwa Mfumu Mvuu, kutsidya kwa mtsinje uko, nandolo aliko. Ine ndigula kumene dengu lili lodzaza."

Gologolo anathamanga kukauza anzake. M'mawa mwake amayi anapinda nkhata, nasenza madengu odzaza mpaka pakamwa. Kumbuyo kwawo kunali a Kamba, nkhalamba yoyandikana munda ndi Gologolo, akukwawa ndi dengu lawo limodzi lokhalo pamsana. Poyenda, Gologolo anayambitsa nyimbo. Iye ankafunsa khasu kuti mwana wake, nandolo, wapita kuti, amayi onse n'kumavomera kuti mwanayo wachoka kwawo ali wonenepa, akaone dziko. Inali nyimbo yopepuka, yoyendera.

Pachipata choyamba Fisi anatambasula mwendo.

"Tulani! Msonkho wakwera."

"Wakwera bwanji malonda atagwa?" anafunsa Gologolo.

"N'chifukwa chake wakwera. Madengu odutsa achepa, koma mimba yanga sinachepe."

Anapisa manja onse awiri m'dengu lililonse mpaka m'zigongono, n'kumakhuthulira m'thumba lake.

Pachipata chachiwiri Nyani anawalandira ndi mano onse panja.

"Ndilawe, amayi anga. Dziko lingachite manyazi mukakagulitsa zofumbwa."

Analawa, nalawanso, masaya mpaka tuu. Kenako anayamba kupatula: uyu ngwofumbwa, uyu ngwamakwinya, uyu sakundisangalatsa maonekedwe. Wopatulidwa yenseyo ankalowa m'thumba la Nyani, ndipo anali nandolo wosalala kuposa wotsala.

Atafika padoko, Dokowe anasuzumira m'dengu la Gologolo, mlomo wake wautali n'kulowa wonse usanakhudze kanthu.

"Mayi, ili ndi dengu kapena chitsime?"

"Linali lodzaza pochoka kunyumba."

"Ine sindinali kunyumba kwanu."

"A Dokowe, ndili ndi ana. Khasu langa latha, latsala ngati supuni."

"Pepani mayi, koma ine sindigula misozi, ndigula nandolo. Kwa Mvuu dengu limafika lodzaza."

Anawatsinira timchere m'manja, tosakwana ndi ndiwo za sabata.

Amayi sanapite kwawo. Analunjika kwa Nduna. Anapeza a Njiri atakhala pampando wandalema, akutokosa m'mano.

"Bwana Nduna," anayamba Gologolo atagwada, "dengu likuchoka kumunda lodzaza, likufika padoko lili theka. Wogula akuti athawira kwa Mvuu."

"Ndamva kale," anatero a Njiri. "Vuto ndi ulesi wanu. Kwa Mvuu alimi sagona. Dziko lonse lapansi lili pamoto, inu mukufuna kugulitsa ngati kale? Tsitsani mtengo, dzazani madengu, kuti tipose anzathuwo."

"Nanga zipata zija, bwana?"

"Zipata zatani? Zipata ndi ulemu wa dziko. Dziko lopanda chipata ndi thengo. Ndiponso anyamata anga amangoyang'ana ndi maso, sakhudza dengu la munthu. Nandolo wanu amatayika chifukwa mumayenda mukuvina."

Tamvani mawu a nduna, abale! Amene sanagwirepo khasu ndiye amadziwa kutchula ulesi.

Gologolo anadzuka, nachoka. Atafika kwawo anauza amayi kuti afulule luzi, asoke pakamwa pa dengu lililonse ndi masamba a nthochi, kuti dzanja lisapeze polowera. Anadzaza nandolo wina, nanyamukanso, a Kamba ali pambuyo ndi dengu lawo lija, atathiramo kanandolo kamene anasungira ndiwo. Nyimbo inali yomwe ija, koma tsopano Gologolo akafunsa khasu za mwana wake, amayi ankavomera kuti mwanayo anachoka wonenepa, wafika padoko nthiti zili pamtunda. Ankaimba mokoka, mapazi akumenya pansi.

Fisi ataona madengu osoka anadzuka.

"Mwasoka kuti mubise chiyani?"

"Kuti asatayike tikamavina, monga anenera a Nduna."

"Kusoka dengu ndi kunyoza boma. Chindapusa chake ndi dengu lathunthu."

Analanda dengu la mayi wina, nadula luzi la otsalawo ndi mano, n'kutapanso msonkho wake monga mwa masiku onse.

Kwa Nyani zinaipiratu. A Kamba anafika mochedwa, ali wefuwefu. Nyani ananunkhiza dengu lawo.

"Madala, nandolo uyu wakhalitsa panjira. Ayenera kuyesedwa yense."

"Mwana wanga," anatero a Kamba, "munda umenewu ndinalima chogwada, msana utakana. Ndilibe wina. Tapa monga utapira, undisiyireko wogulira mchere."

"Mukundiphunzitsa ntchito?"

"Iyayi, ndikungopempha."

"Wopempha sayankha. Dengu ili latsala pano."

Gologolo analumpha, mchira uli njo.

"A Nyani, mulibe manyazi? Nkhalamba iyi ingakubaleni!"

"Inunso mukufuna lanu litsale?"

Amayi anamugwira Gologolo, namukokera kunjira. A Kamba anafika padoko ndi nkhata yokha. Sanalire. Anangolowetsa mutu m'chigoba.

Dokowe anayang'ana madengu aja, napukusa mutu.

"Ndatopa nazo. Mkuja ndiuluka, ndikagule kwa Mvuu. Ndipo ndikakazolowera kumeneko, musadzandiyembekezerenso kuno, ngakhale misika itachira."

Mawu amenewa anafika kwa Nduna, ndipo tsiku lomwelo Khwangwala, mthenga wa a Njiri, anazungulira midzi akulengeza: mawa Mfumu Njati idzapita yokha padoko kukapempha Dokowe kuti asachoke. Mlimi aliyense atsegule nkhokwe yake ya mbewu, adzaze nayo madengu, kuti mlendo aone kuti dziko lino lili ndi nandolo. Wokana adzalandidwa munda.

Amayi anasonkhana pakhomo pa Gologolo, ena akulira.

"Tikapereka mbewu, tapereka chaka chamawa," anatero a Kamba, mutu uli m'chigoba. "Mvula ikadzagwa tidzadzala chiyani, miyala?"

Gologolo anazungulirazungulira, akutafuna mano. Kenako anaima.

"Akufuna mbewu? Tiwapatsa. Amayi, ndani akudziwa pamene pali chitedze chokhwima?"

Onse anamuyang'ana. Chitedze ndani sachidziwa? Ubweya wake ukangokukhudza, umadzikanda mpaka kuiwala dzina la amako.

Gologolo anayamba wapita kwa Nduna, nkhope ili yofewa ngati ya mkamwini watsopano.

"Bwana Nduna, ndabwera kudzapepesa. Munanena zoona, ife ndife aulesi. Mawa tibweretsa mbewu yeniyeni, yonona, imene sitidyako ngakhale pa njala."

A Njiri anameza malovu. "Tsopano mwayamba kuganiza ngati nzika."

"Chinthu chimodzi chokha, bwana. Amayi enawa ndi ouma mitu, akumanena zoipa za anyamata anu. Mawa pamaso pa Mfumu mudzanene mawu aja munatiuza ife, akuti anyamata anu sakhudza dengu, kuti mabodza atheretu."

"Ndidzanena mokweza," anatero a Njiri.

Kutacha, amayi anapita ku chitedze ndi timitengo ta mphanda, mphepo ataipatsa msana. Pansi pa madengu anaikamo makoko. Pamwamba anathirapo nandolo wambewu pang'ono, wonenepa, wonyezimira, nakokotera ubweya wa chitedze, n'kutakasa ndi mthiko. Anavundikira ndi masamba a nthochi, osasoka. Nandolo weniweni anatsala kunyumba, nkhokwe zili zomata.

Ananyamuka. Tsiku limenelo nyimbo inatuluka yansangala, yothamanga, ngati ya paukwati. Gologolo ankafunsa khasu za mwana wake, amayi n'kumavomera kuti lero mwanayo wavala malaya atsopano, amene amukonde amukumbatire.

Fisi atavundukula dengu loyamba, dovu linachita kuyenderera.

"Ha! Mumabisa zotere?"

"Tapani, a Fisi, ndi ntchito yanu."

Anapisa mpaka m'khwapa. Anadzaza thumba lake, nadzazanso lina, n'kulimanga bwino, kumupatsa Khwangwala. "Ili ndi la akuluakulu. Thamanga nalo."

Nyani naye sanafune kutsalira. Anatapa, nadzithira pachifuwa chifukwa cha chimwemwe, nafwirira m'masaya, namanganso thumba la akuluakulu.

Atapitirira chipatacho, Gologolo anati, "Amayi, tikhale pansi, tidikire a Kamba. Si ulemu kusiya wamkulu m'mbuyo." Anadikira ndithu, ndipo a Kamba tsiku limenelo sanafulumire ngakhale pang'ono. Pamene ankafika padoko, matumba aja anali atafika kale kumene ankapita, ndipo eni ake anali atawamasula.

Padoko panadzaza nyama. Mfumu Njati inakhala pansi pa chisakasa, Dokowe ali pambali pake. A Njiri anaima kutsogolo, ndipo Fisi ndi Nyani anaitanidwa kuti aime kumbuyo kwawo ngati asilikali aulemu. Koma atatuwa sanali bwino. Fisi ankaphethira pafupipafupi. Nyani milomo inkanjenjemera. A Njiri thukuta linali kamukamu, ndipo mawu awo olandira mlendo anawathamangitsa ngati akuthawa mvula.

Gologolo anagwada, naomba m'manja.

"Zikomo mfumu. A Nduna ali ndi mawu ena amene analonjeza kunena pamaso panu."

"Anyamata anga sakhudza dengu la munthu," anatero a Njiri mofulumira.

"Pepani bwana, akumbuyo sanamve."

"Sakhudza dengu la munthu! Ine sindinalandirepo ngakhale njere imodzi!"

"Zikomo bwana. Tsopano amayi alonjere Mfumu ndi nyimbo."

M'dziko limenelo munali lamulo lakuti nyimbo yolonjera Mfumu ikamaimbidwa, wantchito wa boma aime chilili, osagwedeza ngakhale khutu, mpaka ithe. Amayi anayamba nyimbo yawo ija ya khasu ndi mwana wake, koma mwapang'onopang'ono, ngati ya pamaliro. Gologolo ankafunsa za mwanayo pachipata choyamba, amayi n'kuvomera. Ankafunsa za pachipata chachiwiri, amayi n'kuvomera. Ikafika kumapeto, iye ankaibwezanso poyambira, ngati waiwala ndime.

Woyamba kugonja anali Fisi. Anakuwa, nadzigwetsa pansi, n'kuyamba kudzikanda m'khwapa ndi miyendo yonse inayi. Nyani atangoona mnzake, anadziponya naye, akukanda chifuwa ndi manja, lilime akulikwecha pamwala. A Njiri analimba pang'ono, misozi ikutsika, mchira uli chilili. Kenako anafuula, nagubuduka pansi pamaso pa mlendo, akudzikhula mphuno m'dothi.

"N'chiyani chimenechi?" inabangula Mfumu.

Gologolo anatenga kamtengo, nagubuduza dengu limodzi. Munatuluka makoko ndi ubweya wa chitedze.

"Mfumu, madengu awa palibe mlimi amene wawapisa dzanja, ndipo taonani, palibe mlimi akudzikanda. Amene wayabwidwa anene yekha kumene wachitenga. Nandolo wathu sachepa kumunda, mfumu. Sachepa chifukwa cha misika ya kutsidya kwa nyanja. Amachepa pakati pa munda ndi doko. A Kamba awa alandidwa chaka chawo chonse dzulo, lero mukuti tipereke ndi mbewu yomwe!"

"Si ine ndekha!" analira Fisi. "Thumba lina limapita kwa a Nduna!"

"Langanso!" anatero Nyani, lilime litatupa.

Nyama zonse zinachita phokoso. Mfumu Njati inadzuka, maso ali psuu.

"Njiri! Iwe amene ndinakukhulupirira! Ukudya thukuta la amasiye dziko lili pa mavuto? Lero lomwe lino ndikuti..."

Mawu anaima. Khosi la Mfumu linagwedezeka. Phewa linanjenjemera. Mfumu inabwerera m'mbuyo pang'ono, ngati ikufuna poyedzamira, n'kukhudza nsanamira ya chisakasa. Inadzikhula kamodzi. Inadzikhulanso. Kenako inaiwala kuti pali anthu, n'kuyamba kudzikwecha ndi mphamvu zake zonse, mpaka chisakasa chonse chinkagwedera, udzu ukugwera pamutu pa Dokowe.

Padoko panangoti zii. Aliyense anaona, ndipo aliyense anayang'ana pansi. Thumba la akuluakulu silinkathera kwa Nduna.

Gologolo mtima unamuwira. Mawu anafika pakamwa, owawa, okwana kugwetsa mpando. Koma anayang'ana nyanga za Njati, nayang'ana amayi anzake, nakumbukira ana ake kunyumba. Anagwadanso, naomba m'manja mofatsa.

"Pepani mfumu, kodi utitiri wakulumani?"

Mfumu inamuyang'ana, ikupumira m'mwamba.

"Utitiri," inatero. "Eya. Utitiri."

"Ndimadziwa. Umenewu umaswana m'zipata zija, mfumu. Mitengo yake yakalamba. Zikapanda kugwetsedwa, anthu azidzati Mfumu yathu imadzikanda chifukwa cha zina."

"Zigwetsedwe! Zitenthedwe lero lomwe!"

"Utitiri umakondanso nkhokwe yotsegula, mfumu."

"Nkhokwe za mbewu zisatsegulidwe! Ndani analamula zopusazo?"

"Nanga dengu la a Kamba, mfumu, ndi madengu ena onse amene..."

"Zakwana, mayi," inatero Mfumu motsitsa mawu, nyanga itaziweramitsa. "Mwapeza zimene mwapeza. Nenani mankhwala a utitiri."

Gologolo anakhala chete kanthawi, kuti kuyabwako kumveke bwino.

"Matope, mfumu."

Mfumu inathamanga, Nduna pambuyo, onse thibu m'matope. Fisi ndi Nyani anasowa malo, poti akuluakulu anadzaza chithaphwi chonse.

Dokowe anasasa udzu pamutu pake. "Mayi, ine za kwanu kuno sizindikhudza. Nandolo alipo kapena palibe?"

"Musauluke mawa m'mawa. Mudzaona."

Zipata zinapsa tsiku lomwelo. M'mawa mwake amayi anasenza nandolo weniweni, nayenda osatula paliponse, ndipo anafika padoko madengu ali odzaza mpaka pakamwa. Dokowe anajompha dengu la Gologolo, mlomo n'kugunda nandolo pomwepo.

"Uyu ndiye nandolo. Ngwonona kuposa wa kwa Mvuu. Chikhala kuti ankafika chonchi, bwenzi ndisanatchule n'komwe za kutsidya."

"Ndiye mutipatsa monga kale?"

"Iyayi mayi, misika sinachire. Ndikupatsani zimene ndili nazo."

Mchere unali wochepa poyerekeza ndi zaka zabwino, nsalu panalibe, koma khasu aliyense analipeza, ndipo mbewu inatsala m'nkhokwe kudikira mvula. Dokowe analonjeza kuti chaka chamawa adzatera pomwepo. A Kamba analibe chogulitsa. Amayi anawatsinirako mchere aliyense pang'ono, ndipo Gologolo anawagawira mbewu yake.

Mukufunsa kuti olakwa analangidwa bwanji? Sanalangidwe. Palibe mlandu umene unazengedwa. Dengu la a Kamba silinabwezedwe. A Njiri anatuluka m'matope, nasamba, nakhalanso pampando wawo wandalema. Pamisonkhano ankauza nyama kuti pa nthawi imene misika ya dziko lonse inagwa, iwo ndi amene anaganiza mwanzeru zochotsa zipata kuti nandolo wa dziko lino apose wa kwa Mvuu. Nyama zinkaomba m'manja, poti Mfumu inali pomwepo ikugwedeza mutu. Ndipo mvula isanathe, ena anamuona Fisi akudula mitengo iwiri yowongoka, Nyani akumuthandiza kusenza.

Kuyambira pamenepo Gologolo sakhulupiriranso nkhokwe imene akuluakulu akuidziwa. Mbewu yake amakwirira pansi, pano pang'ono, apo pang'ono, osauza munthu. Ndipo mukadzamuona ali pamtengo, mchira ukugwedezeka, akulalata yekha popanda womuyankha, musadzati wapenga. Akunena mawu aja anawameza padoko.

Nthano yathera pomwepa. Amene mbatata yake ili pamoto akaphule yekha, pakuti akatuma wina, imufika yoluma.